Mmene ndinasankhira zophunzitsira ana coding

Anthu amakonda kufunsa kuti ana ayambe ndi Python kapena JavaScript, zilankhulo zolembera mapulogalamu a pa kompyuta, koma ine ndinayamba ndaona kaye zomwe zilipo: malaputopu akale, ana a zaka 6 mpaka 13, intaneti ya bandulo ya pafoni komanso magetsi othimathima. Ndiye chilichonse chofuna netiweki nthawi zonse ndinachisiya pompo.

Ndinayamba ndi Scratch, pulogalamu yophunzitsira ana coding ija anapanga ku MIT ku America n'kuitulutsa mu 2007, ndi yaulere. Mwana salemba ma code, amangokoka timabuloko tamitundumitundu n'kumatilumikiza, ndiye palibe zolira kuti walakwitsa sipelo. Ndinapanga dawunilodi ya offline kamodzi n'kuika pa fulashi, basi. Poyamba ndimawauza kuti ayendetse kamphaka kamene kamabwera kale mu Scratch ndi "move 10 steps", kenako aike mkati mwa "forever" pamodzi ndi "if on edge, bounce", ndiye kamphaka kakagunda kumapeto kamabwerera chadodolido miyendo m'mwamba, ana kuseka kwake, koma pomwepo amayamba kufunsa okha kuti chavuta n'chani ndipo ndimawasiya asakesake mpaka apeze "set rotation style". Apa ndiye loop, kubwerezabwereza malangizo kuja, aidziwa kale ndisanaitchule n'komwe dzina.

Ang'onoang'ono osatha kuwerenga ndimawapatsa ScratchJr pa tabuleti, mabuloko ake ndi zithunzi zokhazokha.

Python ndimadikira, sindiyang'ana zaka ayi, ndimadikira mwana ayambe kudandaula kuti mabuloko achuluka ndipo kukokako kukumuchedwetsa. Pamenepo ndimamuikira Thonny, pulogalamu yolemberamo Python ya ku University of Tartu ku Estonia, chifukwa imabwera ndi Python yake kale, siilemera pa kompyuta yakale, komanso imayendetsa pulogalamu mzere umodziumodzi mwana akuona ma variable, mayina osungira manambala kapena mawu aja, akusintha. Timayamba ndi turtle, kakamba kojambula mizere mu Python: for i in range(4), forward(100), right(90), sikweya yatuluka, ndipo amazindikira yekha kuti ndi "repeat" yomwe ija ya mu Scratch. Chomwe chimawasowetsa mtendere ndi ma space akumayambiriro kwa mzere, uthenga wofiira wa IndentationError, wonena kuti ma space alakwika, umabwera pafupipafupi, choncho ndimawaphunzitsa kuwerenga uthenga wofiirawo m'malo mongowakonzera.

JavaScript ndinaisiya kaye, chifukwa HTML ndi CSS, zopangira masamba a pa intaneti, zimalowererapo mwana asanagwire bwinobwino. Ndalama zikapezeka ndikufuna micro:bit ya BBC, kakompyuta kakang'ono ka timagetsi 25, kuti code yawo aziigwira m'manja. Pakadali pano mwana aliyense ali ndi foda yake pa fulashi ndipo amaseva akangosintha kanthu, chifukwa mabatire a malaputopuwa sasunga moto.