Honda ya madala yomwe inkakhetsa petulo

Sabata ino pa garaja yathu ku Luwinga yathera pa njinga imodzi. Ma Boxer ndi ma Lifan a kabaza amabwera monga mwa masiku onse, uyu tcheni, uyu mabuleki, wina kilatchi yapsa chifukwa chonyamula matumba a makala, koma zimenezo mnyamata wanga wophunzira ntchito amamaliza yekha. Yomwe yatizunguza mutu ndi Honda CB350 ya madala ena a ku Katawa, imene inafika Lolemba itakwezedwa pa kalole.

Njinga zimenezi kampani ya Honda inkapanga kuyambira 1968 mpaka 1973. Ili ndi masilinda awiri, injini ya 325cc, ndipo silinda iliyonse ili ndi kabureta yake (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya) ya kampani ya Keihin. Madalawo anati, "Amisiri, ndikangotsegula kampopi ka petulo, pansi ponse pamanyowa. Anyamata ena anamatapo kale, koma ayi ndithu."

Kumatako ndinakuona ndisanagwire n'komwe sipanala. Timbale ta pansi pa makabureta onse awiri tinali titapakidwa silicone wofiira kuzungulira. Chizolowezi chimenechi chimandiwawa. Silicone sagwirizana ndi petulo, amafewa n'kumanyotsoka, ndipo tizidutswa take timakatseka majeti, timabowo todutsira petulo m'kabureta. Komanso petulo akamasefukira pakamwa pa kambale, kawirikawiri ndiye kuti wadzaza kupitirira muyezo. Gasiketi, kampira kotseka pakamwa pa kambalepo, imangonamiziridwa mlandu.

Kabureta imagwira ntchito ngati thanki ya chimbudzi chamadzi. M'kambale muli fuloti yoyandama. Petulo akamalowa, fuloti imakwera n'kukankha kanidulo, kanidulo n'kutseka bowo lolowera. Kakapanda kutseka bwino, petulo amangolowabe mpaka atapeza kapaipi kotayira komwe kaimirira m'kambalemo, n'kumatsikira pansi.

Lachiwiri tinaikankhira njingayo panja, kutali ndi mnzathu wowotcherera mageti, n'kuchotsa batire. Tinapukuta paliponse mpaka gwa, ndiye ndinatuma mnyamata kukagula paudala wa ana pa okala. Anandiyang'ana ngati ndasokonezeka. Petulo amayenda mobisala, amatsata chitsulo n'kukadonthera kutali ndi komwe watulukira, koma pa paudala amasiya mzere wakuda woonekeratu. Titatsegula kampopi, mizere inatuluka itatu. Paipi yochokera ku thanki inali itauma ndi kung'aluka pamene imalumikizana ndi kabureta. Kabureta ya kumanzere inkachucha pa kapaipi kotayira. Ya kumanja nayo inkatulutsira pomwepo, koma dontho limodzilimodzi, ndipo sinasiye ngakhale titatseka kampopi.

Ya kumanzere sinavute. Fuloti yake ndi ya mkuwa, ndipo nditaigwedeza pafupi ndi khutu ndinamva khutchukhutchu mkati. Ndinaimiza m'madzi otentha a m'ketulo ya tiyi. Mpweya wa mkati ukatentha umafuna potulukira, ndiye tithovu tinayamba kutumphuka pa msoko, pa kabowo komwe diso silingakaone. Fuloti yomwa petulo imalemera, imamira, ndipo kanidulo sikafika potseka. Kuiumitsa kunatenga nthawi poti dzuwa la ku Mzuzu mukulidziwa, limabwera mwaulemu n'kuthawa mawawa akayamba. Itauma ndinatseka kabowoko ndi solder, mtovu womatira zitsulo, wochepa kwambiri. Ukamuchulutsa, fuloti imalemeranso ndipo wabwerera pomwe unayambira. Kanidulo kake kanali ndi mphete yodyeka kunsonga, yomveka ndi chikhadabo, ndipo pa mpando pake panali timchenga tofiirira.

Ya kumanja ndi imene inandigwira Lachitatu lonse. Fuloti youma bwinobwino. Kanidulo kabwino: nditatembenuza kabureta chadodolido n'kuuzira mpweya pa paipi yolowera, sikanadutsitse kanthu. Mnyamata wanga anati mwina ndi kasikulu kokhetsera ka pansi, ndipo anaganiza bwino chifukwa nako kamachita zimenezi, koma kanali kolimba. Ndinachotsa kambale kokhako, n'kukaika pa nyuzipepala, n'kuthiramo petulo osafika pamwamba pa kapaipi kotayira. Patapita kanthawi pepala linanyowa. Kapaipi ka mkuwa kaja kanali ndi mng'alu wotsika m'litali mwake, wopyapyala moti umaoneka pokhapokha ukawunikira ndi tochi ya foni cham'mbali. Petulo sankadikira kuti asefukire, ankalowera cha pakati. N'chifukwa chake inkadonthabe kampopi kali kotseka, mpaka wa m'kambale atatsika kufika pothera mng'aluwo. Munthu akhoza kusintha manidulo chaka chonse osapeza zimenezi. Ndinakapala ndi sandipepa wosalala n'kuyendetsapo solder.

Timchenga tofiira tija tinandipititsa ku thanki. Kakapu kosefera ka pansi pa kampopi kanali kodzaza matope a dzimbiri, ndipo m'thankimo munali mofiira ponseponse. Njingayi imakhala miyezi itaima ndi petulo wochepa, ndipo kuno chinyezi sichichoka. Usiku kukazizira, nthunzi imasanduka madzi m'makoma a thanki. Onjezanipo kuti petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol amakoka madzi, komanso amaumitsa kapena kutupitsa mipira yakale yomwe sinapangidwire iye. Sindikumunyoza, njinga za kabaza zimayenda naye tsiku ndi tsiku popanda vuto. Amavutitsa njinga yongokhala. Kambewu kamodzi ka dzimbiri kakangokhala pakati pa kanidulo ndi mpando wake, kabureta yomwe wakonza m'mawa imachucha madzulo.

Choncho Lachinayi linali la mnyamata: manati odzaza manja awiri m'thanki, kugwedeza mpaka mapewa kuwawa, kuviika viniga usiku wonse, kutsuka, kuumitsa msanga dzimbiri lisanabwererenso. Tinaika paipi yatsopano yopangidwira petulo, osati ya madzi yoonekera mkati ija imene imauma pakangopita miyezi, ndi kasefa kakang'ono panjira yopita ku makabureta.

Za masipeya musafunse. M'mashopu a m'tauni ndi ku Taifa mwadzaza za njinga za ku China ndi ku India, ndipo wogulitsa amakupatsa kanidulo kalikonse n'kunena kuti "n'chimodzimodzi, bwana." Mwamwayi madala anabwera ndi kachitini komwe munali kapaketi ka zokonzera makabureta, kotumizidwa ndi mwana wawo wa ku Johannesburg. Anyamata omata aja sanakatsegule n'komwe. Ndinatengamo manidulo, mipando yake, magasiketi ndi timipira. Majeti a m'paketimo ndinawasiya, ndinangotsuka a Keihin enieni n'kuwabwezera, chifukwa ogula padera nthawi zina mabowo ake safanana ndi nambala yolembedwapo. Muyezo wa fuloti ndinautchera motsatira nambala yodindidwa pa kabureta, poti pa CB350 umasiyana malinga ndi mtundu wake, ndipo ndinaonetsetsa kuti mbali zonse ziwiri n'zofanana.

Tisanailize njingayo ndinanunkhiza oyilo. Ankamveka petulo ndipo anali wamadzimadzi, ataposa mzere wa pa ndodo. Petulo wosefukira wina sapita pansi, amalowera mu silinda, n'kudutsa maring'i, n'kukasungunula oyilo. Tinamukhetsa yense n'kuthira watsopano pafupifupi malita awiri.

Loweruka m'mawa ndinaiyendetsa pa M1 kukafika ku Ekwendeni n'kubwerako, kenako ndinaiimika pa katoni, kampopi kali kotsegula, mpaka masana. Katoniyo sinanyowe. Madala atafika anazungulira njinga yawo, anagwada n'kupisa dzanja pansi pa makabureta, ananunkhiza zala, kenako anafunsa mtengo. Atamva anati, "Koma amisiri, zitsulo zonse si zanga zomwe?" Ndinawaonetsa botolo la matope a dzimbiri lomwe tinawasungira. Anachotsa ndalama osanenanso kanthu. Ndinawapempha kuti azitseka kampopi nthawi zonse akaimika, ndipo akadziwa kuti itenga miyezi osayenda, azikhetsa petulo wa m'timbale. Matayala ake ndi ong'aluka m'mbali, koma akuti amenewo adikire penshoni ya mwezi wamawa.