Batwoman: Kate Kane kapena Ryan Wilder?

Amene mukukangana za Batwoman, sewero la pa TV la ku America, kuti woposa mnzake ndani pakati pa Kate Kane ndi Ryan Wilder, tamvani. Kate Kane, yemwe ankaseweredwa ndi Ruby Rose mu 2019, anali ndi mwayi waukulu. Mdani wake Alice anali mapasa naye, ndipo bambo awo, Jacob Kane, ankasaka Batwoman osadziwa kuti ndi mwana wawo. Ndewu iliyonse inali yapachibale. Koma Kate anali wouma nkhope, mpaka Alice n'kumulanda sewero.

Ryan Wilder wa Javicia Leslie, amene analowa m'malo mwa Kate ngati Batwoman mu 2021, ndi wotakasuka. Ankagona m'galimoto atatuluka kundende, ndipo suti ya Batwoman anaitola pamene panagwera ndege. Vuto n'lakuti analowa m'nkhani imene inalukidwira munthu wina. Olemba anachita kumupezera chifukwa chodana ndi Alice, choti gulu lake ndi limene linapha mayi omulera.

Ine ndili kwa Ryan, ngakhale season yoyamba inalembedwa bwino kuposa yachiwiri.