Zikomo a ku Chigwa, buku la ndiwo zopanda nyama latuluka

Abale anga a ku Chikwawa ndi Nsanje, komanso inu amene mwakhala mukutumiza mauthenga kuchokera ku Blantyre, Lilongwe mpaka ku Johannesburg, mauthenga achuluka moti sindingathe kuyankha aliyense payekha. Ndiye ndati ndilembe pano kamodzi. Buku lathu la maphikidwe latuluka. Tinalikhazikitsa Loweruka lapitali ku Nchalo, ndipo mabuku onse amene tinanyamula tsikulo sanabwerere kunyumba. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.

Kwa inu amene simunaligwire m'manja, m'bukumu mulibe nyama, nsomba, mazira, mkaka ngakhale uchi. Anzathu a m'tauni amati zakudya za vegan. Ndikudziwa kuti kulemba buku lotere kuno kumamveka ngati nthabwala. Kuno ndi kwawo kwa ng'ombe ndi mbuzi, malole amakwera nazo mapiri a Chikwawa kukadyetsa anthu a ku Blantyre, ndipo mlamba wa ku Elephant Marsh suchita kufuna kuutsatsa. Palinso china chowawa. Mabanja ambiri kuno amatha mwezi osalawa nyama, osati chifukwa anasankha, koma chifukwa m'thumba mulibe. Munthu wotereyu ukamuuza kuti asiye nyama ndiye kuti ukumunyoza. N'chifukwa chake bukuli silikuuza munthu aliyense kuti asiye kanthu. Chimene chinandilembetsa ndi mawu amene tonse tinawamvapo mayi akuika chakudya pamphasa: "Pepani alendo, lero tangopeza masamba." Nsima ya mapira, chitambe chotendera bwinobwino, nandolo pambali, koma mwini wake akupepesa. Ine ndikufuna kupepesa kumeneko kuthe.

Oyamba kuwathokoza ndi eni ake maphikidwewa. Dzina langa lili pachikuto, koma nzeru zake ndi za amayi ndi agogo a ku Ngabu, Miseu Folo, Bangula, Tengani, ndi tsidya lija la Shire ku Makhuwira ndi Muona. Munandilola kukhala pamafuwa anu ndi kope m'manja, ndikufunsa mafunso a mwana wakhanda. Ndikati mchere wochuluka bwanji, mumati wokwanira. Ndikati tiphike mpaka liti, mumati mpaka zipse. Ndinkachita kukugwirani dzanja kuti nsinjiro zimene mwatapazo tithire kaye m'kapu tione muyeso, inu mukuseka mpaka misozi. Miyeso yonse ya makapu ndi masupuni imene ili m'bukumu inabadwa choncho.

Agogo ena a ku Tengani ndi amene anandikhazika pansi pa nkhani ya chigwada. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni, ndipo chimene chimamuchotsa ndi kusinja mumtondo mpaka afewe, kenako kuwiritsa nthawi yaitali mphika uli wosavundikira. Iwo sanapite kusukulu koma malangizo awo anafanana ndendende ndi a anthu a zaumoyo, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisalembe njira yachidule. Agogo, sindinalembe.

Amayi a ku Ngabu anandiphunzitsa kutendera ndi chitowe. Ili ndi tsamba limene ndimalinyadira kuposa onse. Chitowe timalima kuno, koma chambiri timangopereka kwa mavenda pasikelo, chikapita chapita, ife n'kumakagula mafuta ophikira a m'timapepala pamtengo wolira nawo. Chonsecho ukachikazinga pang'ono pamoto wosalilima mpaka chiyambe kuthetheka, n'kuchisinja chikadali chofunda, chimalowa m'nkhwani, m'bonongwe kapena m'kholowa popanda ngakhale dontho la mafuta. Chenjerani, chikapserera chimawawa, ndipo palibe chokonzera. Chipere cha nandolo ndi cha khobwe ndinachitenga kwa azakhali anga, amene sakhulupirira kuti munthu waulesi wochotsa makoko angaphike chipere. Futali, thobwa la mchewere, phala la malambe, chakumwa cha bwemba, masawu ouma, masamba a cham'mwamba amene ambirife tili nawo kumpanda, zonsezi zili ndi eni ake, ndipo midzi yawo ndailemba pansi pa tsamba lililonse.

Pali nkhani imodzi imene inatigawa pakati, ndipo ndiyenera kuifotokoza chifukwa ambiri mwandifunsa. Nkhani ya nyika, timizu ta chomera cha m'madzi a m'dambo. Achinyamata ena ophunzira ankati ndiikemo, poti ndi chomera, n'chakwathu, ndipo anthu akunja angachite nacho chidwi. Amayi a kufupi ndi dambo la Ndindi anakana kwamtuwagalu. Mmodzi anati, "Mwana wanga, nyika si ndiwo. Nyika ndi njala." Amene anakulira kuno akudziwa. Munthu amalowa m'madzi momwe muli ng'ona kukazula timizu timeneti pansi pa thope, osati chifukwa n'tokoma, koma chifukwa ana agona ndi njala. Ine ndinagwirizana ndi amayiwo. Sindingajambule chithunzi chokongola cha nyika m'mbale yoyera kuti wina ku Area 47 anene kuti n'zosangalatsa. M'bukumu nyika zili ndi tsamba lakelake, koma palibe maphikidwe. Pali mawu a amayi amene anazidyapo, monga momwe anandiuzira. Ena mwa inu simunagwirizane nazo, ndamva, koma pamenepa sindisintha.

Bukuli likanatha kufera m'njira kawiri. Koyamba ndi mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa mvula ija. Madzi analowa m'nyumba usiku, tinathawa ndi ana ndi zofunda basi, makope anga anatsala m'katoni pansi pa bedi. Titabwerera tinapeza inki yonse yasungunuka. Sindinalire nawo kwambiri makopewo, chifukwa anzathu anali atataya ana, nyumba ndi ziweto, ndipo ku Makhanga kunali kosafikika pamsewu. Ndinangoti basi, zatha. Amene anaidzutsa ntchitoyi ndi amayi omwe aja, ena a iwo akukhala m'makalasi a sukulu zimene zinasanduka misasa. Tili pamzere wolandira ufa ndi nyemba, mmodzi anandikoka chitenje n'kuti, "Aphunzitsi, buku lija lili pati? Mitu yathuyi sinapite ndi madzi." Tinayambiranso pomwepo. Tsamba la kaphikidwe ka soya pieces kuti asamanunkhe fungo la m'paketi linachokera kumsasa komweko, chifukwa amayi anali atatopa nawo ndipo aliyense anali atapeza njira yake.

Kachiwiri ndi mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Mtengo umene osindikiza anandiuza poyamba unasanduka mbiri yakale, poti mapepala ndi inki zimachokera kunja. Apa ndikugwada pamaso pa gulu lathu la banki m'khonde. Munandibwereketsa ndalama zimene mukanatha kugulira mbewu za kudimba, ndipo mwezi umene ndinachedwa kubweza simunanditumizire anthu pakhomo. Ngongoleyo ndikumaliza mwezi uno, alembi akonzeretu buku la ngongole. Achimwene anga a ku Johannesburg anatumiza zotsalazo osafunsa zambiri. Achimwene, mumvetse kuti mlongo wanu sanadye ndalama zija.

Ndithokozenso namwino wina, mnzanga wa kalekale, amene anawerenga zolemba zonse ndi cholembera chofiira. Anandikumbutsa kuti kusikelo amayi amaphunzitsidwa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zamasamba, zipatso, zamafuta ndi zanyama. Anati ngati buku likuchotsa gulu lathunthu, liyenera kunena zoona zonse za chimene chikusowa. Tinakangana, iye anapambana, ndipo anachita bwino. N'chifukwa chake koyambirira kwa buku kwalembedwa ndi zilembo zazikulu kuti vitamini B12 sapezeka m'masamba, m'nyemba kapena m'mtedza. Munthu amene wasiyiratu zanyama zonse ayenera kumwa mapiritsi ake, apo ayi magazi amachepa ndipo mitsempha imaonongeka pang'onopang'ono. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana aang'ono asasinthe kadyedwe asanalankhule ndi achipatala. Iye yemweyo ndi amene anaumirira kuti tilembe za chuku, kuti mtedza wowola, wofota kapena wosintha mtundu uzitayidwa usanalowe mumtondo, chifukwa poizoni wake satha ndi moto ndipo amaononga chiwindi. Analimbananso ndi soda ndi chidulo m'ndiwo zamasamba, poti zimapha mavitamini ena. Pa therere pokha ndinamupempha kuti atisiye, chifukwa therere lopanda chidulo palibe mayi wa kuno amene angalivomere. Tinagwirizana zochepetsa muyeso. Anawonjezeranso kuti nyemba zizitsagana ndi tomato, ndimu kapena malambe, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'zomera.

Za tsiku lokhazikitsa, amene munalipo mukudziwa momwe dzuwa la kuno limachitira. Holo inali ngati uvuni wa njerwa, koma palibe anatuluka. Zikomo abusa ndi akuluakulu a mpingo potipatsa malo osatilipiritsa. Zikomo agulupu ndi mafumu amene munabwera, makamaka amfumu amene anaimirira n'kunena pagulu kuti iwo anakula ndi nsima ya mchewere ndipo sachita nayo manyazi. Amayi ophika anayatsa moto nkhuku zisanalire. Atsikana otunga madzi, anyamata onyamula mabenchi, mnyamata wa zokuzira mawu amene magetsi atathima anathamangira jenereta kwa mnansi, nonsenu ndakuonani.

Chimene chinandiseketsa kwambiri ndi achimwene ena ootcha kanyenya wa mbuzi pamsika. Anabwera, mwa kunena kwawo, kudzaona anthu amene akufuna kuwaphera bizinesi. Analawa chipere, anawonjezera, kenako anagula buku n'kunena kuti ndi la akazi awo. Achimwene, chiwaya chanu sichitsekedwa, musaope. Ngakhale bambo a kunyumba kwanga ndi kasitomala wanu, ndipo ndikudziwa.

Poti ndawatchula, ndiwathokoze bambo a ana angawa. Iwo nyama sanasiye ndipo sindinawakakamize, koma alawa chilichonse chimene chili m'bukumu, zina kangapo zisanakhale bwino, osadandaula pagulu. Mwana wanga wamkazi ndi amene analemba zonse pakompyuta ndi kujambula zithunzi ndi foni, akudikira kuwala kwa m'mawa chifukwa masana zithunzi zinkayera mbuu. Apongozi anga anandisungira ana pamene ndinkayenda m'midzi.

Uthenga wa bukuli wayenda ndi miyendo ya anthu ambiri. Wailesi ya m'dera lathu inatipatsa mpata, ndipo mafoni amene anthu anaimba anandiphunzitsa zambiri. Bambo wina anaimba n'kufunsa ngati usipa ndi nyama. Inde bambo, m'bukumu tauwerengera kunyama, ngakhale ndikudziwa kuti mukutsutsabe. Anyamata a kabaza akhala akufikitsa mabuku kumidzi kumene minibasi sifika, ena osalandira kanthu. Makondakitala a msewu wa M1 anyamula timaphukusi kupita ku Blantyre ndi ku Nsanje boma mokhulupirika. Abale a mpingo wa Seventh-day Adventist, amene nkhani ya kudya zamasamba anaiyamba kale ife tisanaganize, agula ambiri. Amayi a Chikatolika akuti liwathandiza Lachisanu la m'nyengo ya Lenti. Marasta anabwera ndi ng'oma zawo, ndipo anandifunsa chifukwa chake ndaika mchere wambiri. Ndipo inu nonse amene munaika chikuto cha bukuli pa WhatsApp ndi pa Facebook, munagwira ntchito imene ine ndalama zake ndinalibe.

Ndaona kuti ena mukujambula masamba a bukuli ndi foni n'kumatumizirana m'magulu. Sindikukwiyirani. Mayi amene sangakwanitse kugula, mutumizireni tsamba la chitowe aphikire ana ake, maphikidwewo ndi akwawo kale. Koma inu amene muli pantchito, amene mumagula mayunitsi tsiku ndi tsiku, gulani buku. Gawo la ndalama za buku lililonse likupita kwa amayi amene anapereka maphikidwe, monga tinapanganirana pamaso pa mafumu awo, ndipo gawo lina ndi limene lisindikize mabuku otsatira.

Ambiri mwapempha kuti lituluke m'Chisena. Pempho limeneli ndi loyenera, chifukwa theka la maphikidwewa ndinawamva m'Chisena. Aphunzitsi awiri opuma pantchito a ku Nsanje adzipereka kuti ayambe kumasulira, ndipo ndawapatsa kale zolemba. Sindilonjeza tsiku, zidalira mmene mabuku a Chichewawa ayendere.

Katoni yachiwiri ikutsika kuchokera ku Blantyre sabata ino. Amene munalipira kale pa Airtel Money ndi pa Mpamba muyamba ndinu kulandira, mayina anu ndili nawo. Kenako tikhala tikuzungulira masiku a msika ku Ngabu, Bangula ndi ku Dyeratu, tikuphika pomwepo kuti munthu alawe asanatulutse ndalama. A tsidya la East Bank tikufikani mvula isanayambe, misewu ikadali yodutsika. Mukamabwera tengani mbale ndi supuni yanu, chifukwa ku Nchalo mbale zinatiperewera. Ndipo ngati kwanuko kuli agogo amene amadziwa kuphika mikate ya ufa wa mapira yokulunga m'masamba a nthochi, chonde ndiuzeni mudzi wake, ndikufuna ndikawapeze.