Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Masiku 9 amene ndinamumana bere mwana wanga

Ndiyambe ndi kuthokoza nonse amene munandilembera mutawerenga gawo lapita lija, makamaka mayi a ku Bangula aja amene anati nawonso anagona pa denga usiku umene madzi a namondwe Ana anatilowera m'nyumba mu Januwale 2022. Ambiri mwafunsa kuti mimba ndinali nayo nthawi ija inatha bwanji. Mwana anabadwa mu Juni, wamkazi, ndipo pano akuthamanga. Koma pali chimene ndinamuchita ali ndi miyezi inayi, chomwe amachidziwa ndi bambo ake ndi apongozi okha.

Amene munayamba nane kale mukukumbukira zaka zija ndinkagulitsa m'sitolo ku Limbe. Nthawi imeneyo mano anga awiri akumbuyo anabooka. Ndinakana kuwazula, ndiye adokotala anawamata ndi zotuwa zija zooneka ngati chitsulo. Ululu unatha, ine n'kuiwala. Ndinakwatiwa, ndinatsika kuno ku chigwa, ndinabereka woyamba uja n'kumuyamwitsa zaka ziwiri zathunthu popanda vuto.

Ndiye mu Okutobala, mlamu wanga uja mukumudziwa ananditumizira kanema pa WhatsApp. Munali mzimayi wa kunja akulira, akuti zomatira mano zili ndi mercury, poizoni amene amalowa mu mkaka n'kuononga ubongo wa mwana. Pansi pake mlamu analemba mawu ochepa: "Alamu, si zija zili m'kamwa mwanuzi?" Unali usiku, kukutentha monga mmene kumatenthera kuno mwezi umenewo, tonse titagona pakhonde. Mwana anali pa bere. Ndinayatsa tochi ya foni, n'kutenga kagalasi, n'kuyasamula. Zinalipodi, ziwiri, zotuwa. Ndinayamba kufufuza pa intaneti mpaka bandulo inatha. Ndinawerenga kuti theka la zomatirazo ndi mercury, yosakaniza ndi siliva ndi zitsulo zina. Ndinawerenga za ku Minamata, ku Japan, kumene mu 1956 anazindikira matenda obwera chifukwa cha nsomba za m'madzi momwe fakitale inkatayiramo mercury, ndipo ana ankabadwa opuwala. Zithunzi za anawo ndinaziona. Kenako ndinalowetsa chala m'kamwa mwa mwana wanga n'kumuchotsa pa bere asanakhute.

Ndikudziwa kuti ena mudzati, munthu wopita kusukulu angachite bwanji zotero. Kusukuluko ndi kumene kunandipatsa Chingerezi chowerengera zinthu zimenezo ndili ndekha pakati pa usiku. Ndinkaona ngati ndikumupulumutsa.

Kutacha ndinakwera kabaza kupita pa Nchalo kukagula mkaka wa m'chitini ndi botolo, ndi ndalama zomwe tinkasunga zokonzera khoma lomwe madzi anagwetsa. Masiku awiri oyamba anakana botolo. Ankatembenuzira mutu pachifuwa panga, akufunafuna ndi kakamwa, ine n'kumupereka kwa apongozi n'kuthawira kuseri kwa khola. Mabere anatupa, anauma gwa, bulauzi n'kumanyowa. Ndinkafinyira mkaka m'kapu n'kukautaya pa mchenga, nyerere n'kumaunjikana. Kulira kwake ndinkakumva ndili komweko. Apongozi anandiyitana tsiku lachitatu nati, "Mwananga, ndiuze zoona, waima?" Ndinati ayi. Anati, "Nanga mwana walakwanji?" Ndinawaonetsa mano. Anandiyang'ana nthawi yaitali osayankha.

Pa mjigo nkhani inali itafika kale. Kuno mayi akasiya kuyamwitsa khanda anthu amangoganiza ziwiri, mimba kapena matenda aja. Mayi amene munayambitsa mphekeserayo, ndikudziwa kuti mumawerenga kuno chifukwa munandiuza nokha pa maliro paja. Simunabwere kudzandifunsa, chonsecho nyumba zathu zayang'anizana. Ndinakukhululukirani, koma ndinafuna mudziwe kuti ndinamva.

Tsiku la 7 mwana anayamba kutsekula m'mimba. Chaka chimenecho kolera inali itavuta m'dziko muno, ndipo ngakhale ndinkawiritsa madzi, mkaka wa m'botolo sunkachedwa kusasa pa kutentha kuja. Pofika tsiku la 9 liwombo linali litalowa, maso atabwerera m'kati, akulira opanda misozi. Kuchipatala anamuyeza, anati si kolera, anamupatsa Thanzi ndi zinki. Anamwino atamva kuti ndinasiya kuyamwitsa anaika cholembera pansi. Ndinapempha kuti andiyeze mercury m'magazi kapena mu mkaka. Anandiuza mwaulemu kuti pamenepo sayeza zimenezo, koma chimene akuchiona ndi maso n'chakuti mwana akutha madzi m'thupi, ndipo ndimuike pa bere pompo. Ndinakhala pa benchi ndikunjenjemera. Apongozi ankaopa kuti mkaka wokhalitsa m'bere wasasa, anamwino anati mkaka sumasasa uli m'bere. Mwana anagwira, anakoka pang'ono, n'kugona.

Mtima wanga sunakhazikike. Sabata yotsatira bambo ake anabwereka ndalama, tinakwera minibasi kudutsa pa Thabwa kukwera phiri mpaka ku Blantyre, ine nditatsimikiza kuti akachotse zomatirazo. Adokotala a mano amene tinawapeza anali mayi wachikulire. Anandiyang'ana m'kamwa nati zomatirazo zili bwinobwino, sizinang'ambike, ndipo sazikhudza. Anafotokoza kuti n'zoona kuti zimatulutsa kampweya kochepa ka mercury munthu akamatafuna, ndipo kena kamafika mu mkaka, koma n'kochepa kwambiri moti sikangakhale chifukwa chomanira mwana bere. Nthawi imene mercury imatuluka yambiri ndi pomata ndi pogumula ndi makina aja. Ndiye chimene ndinapitira, ndicho chikanamuikira mwana poizoni wochuluka. Anati n'chifukwa chake mayiko anagwirizana, pansi pa pangano lotchedwa dzina la Minamata yemweyo, kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osafika zaka 15 asamaikidwe zomatira zatsopano za mtundu umenewu ngati pali njira ina, koma palibe amene ananena kuti zakale zigumulidwe kapena kuti amayi asiye kuyamwitsa.

Ndinafunsanso za kuyezetsa. Anati mercury ya m'mano imaoneka bwino mu mkodzo, pomwe ya m'nsomba, imene inapha anthu ku Minamata, ndi mtundu wina ndipo imaoneka m'tsitsi ndi m'magazi. Anati ngakhale nditayezetsa, pafupifupi munthu aliyense amapezeka nayo pang'ono, ndipo nambala yokhayo ikanangondionjezera mantha. Kenako anandifunsa funso lomwe sindinaliyembekezere: ngati ndimadzola mafuta oyeretsa khungu. Ndinati ayi. Anati ena mwa mafuta amenewo ali ndi mercury yochuluka kuposa imene ndinkaiopa, ndipo imalowa pakhungu tsiku ndi tsiku, n'kupakikanso pa mwana amene ukumunyamula.

M'minibasi pobwerera sindinayankhule. Ndinkaganiza za mlamu wanga, amene nkhope yake inasintha zaka zapitazo, ndipo anali ndi mimba ya miyezi isanu. Ndinali nditamukwiyira kwambiri, komabe usiku womwewo ndinamuimbira. Anadula foni. Zimene zinatsatira pakati pa ine ndi iye ndidzazilemba m'gawo likubweralo, chifukwa ndi nkhani yaitali ndipo ikukhudzanso bambo a ana.

Mkaka unali utachepa. Zinanditengera pafupifupi milungu iwiri ndikumuika pa bere usana ndi usiku, apongozi akundiphikira phala la mapira lotsira nsinjiro, kuti ubwerere mwakale. Ku sikelo ya Novembala mzere wa pa khadi lake unali utatsika, ndipo a zaumoyo anazunguliza malowo ndi cholembera chofiira. Khadilo ndinalisunga m'chikwama cha pulasitiki pamodzi ndi ziphaso zathu, ndipo namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023 ndinathawa nalo. Zomatira ziwiri zija zikadali m'kamwa mwanga. Mwanayo ndinamuyamwitsa mpaka anakwanitsa zaka ziwiri ndi mwezi umodzi.