Momwe ndinapezera manda a mnyamata wa ku Canada yemwe ndege yake sinabwerere

Agogo omwe ndimawasamalira kuno ku Yorkshire adutsa zaka 90. Tsiku lina anatulutsa chithunzi m'kabati, cha mnyamata wovala yunifolomu, kuseri kwake kuli dzina ndi nambala yoyamba ndi R. Akuti ankabwera kudzadya kwawo Lamulungu lililonse iwo ali kamtsikana, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kenaka anangoti zii, makolo osanena kanthu. "Mwanawe, kodi manda ake alipo?" anandifunsa choncho. Ndinawalonjeza kuti ndifufuza.

Ndinayambira pa webusaiti ya Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamala manda a asilikali omwe anafa pa nkhondo, lomwe limasamalanso manda a asilikali athu a KAR (King's African Rifles). Nditalemba nambala ija sipanatuluke kanthu, mtima unagwa. Kenaka ndinalemba dzina la makolo lokha ndi kusankha Royal Canadian Air Force, gulu la asilikali a ndege a ku Canada, ndiye anapezeka, koma nambala yake ikuyamba ndi J. Chifukwa chake n'chakuti R inali ya asilikali wamba, J ya maofesala, ndipo ambiri ankakwezedwa udindo makalata n'kutuluka iwo atafa kale. Choncho nambala ikakukanikani, yesani dzina.

Tsiku la imfa linali 31 Marichi 1944, manda ali ku Durnbach, kumwera kwa Germany. Poyamba ndinkaganiza kuti ali pafupi pompano, ku manda a Stonefall mu Harrogate, komwe kwagona anyamata a ku Canada oposa 600. Koma kumeneko n'kwa omwe anafera kuno ku England, pa maphunziro kapena ndege yowomberedwa itagwa pofika. Omwe matupi awo sanapezeke, mayina awo ali pa chipilala cha Runnymede, oposa 20,000.

Apa ndinafuna kudziwa zomwe zinachitika usikuwo. Gulu lililonse la ndege linkalemba buku la ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo mabukuwa ali ku National Archives, nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma la Britain ku Kew mu London, pansi pa nambala ya AIR 27, mungawatsitse pa intaneti. Samalani ndi tsiku. Ndege zinkanyamuka madzulo, kotero muyang'ane pa 30 Marichi, osati 31. Ndinamupeza: ndege yoponya mabomba ya Halifax, yonyamuka pa bwalo la Leeming kuno ku Yorkshire, mayina asanu ndi awiri a omwe anali m'ndegemo, nthawi yonyamukira yalembedwa, yotera palibe.

Unali usiku womwe anapita kukaponya mabomba pa mzinda wa Nuremberg ku Germany. Ndege 795 zinatumizidwa, 95 sizinabwerere, anthu oposa 500 anathera pomwepo. Mitambo yomwe ankayembekezera kuti iwabisa kunalibe, mwezi unali ngwee, ndipo njira yomwe anapatsidwa inali yowongoka mtunda wautali, moti ndege za Ajeremani zinkangowathyola ngati mango. Chomwe chimandiwawa n'chakuti akuluakulu anauzidwa za nyengoyo ulendo usanayambe, koma sanauimitse. Mabomba ambiri sanagwe n'komwe pomwe ankafuna. Sindiiwalanso kuti m'mizinda ngati Hamburg pansi pake panali azimayi ndi ana omwe anapsa ndi moto wa ndege zomwezi.

Gawo lomaliza ndi lomwe linandiliza. Library and Archives Canada, yosunga zolembedwa zakale za dzikolo, inatsegula kwa aliyense mafayilo a asilikali omwe anafa pa nkhondoyi. M'fayilo yake munali fomu yomwe anadzaza ndi dzanja lake polowa usilikali, kalata youza mayi ake kuti wasowa, ina yotsatira patapita miyezi yonena kuti akumuyesa wakufa, ndi mndandanda wa katundu yemwe anasiya: lumo, masokosi, timakalata. Amayenera kukwanitsa maulendo 30 kuti apume, sanafike ngakhale theka. Mwa anthu 55,573 omwe anafa a Bomber Command, nthambi ya ndege zoponya mabomba ya asilikali a ndege a Britain (RAF), pafupifupi 10,000 anali a ku Canada, ndipo ambiri ankauluka m'magulu a RAF osati m'gulu lawolawo la a ku Canada lokha lotchedwa No. 6 Group, ndiye musadabwe mukapeza Mngelezi kapena wa ku Australia m'ndege imodzi ndi wanuyo.

Ndinasindikiza mapepala onse n'kuwatengera agogo. Anandiuza kuti ndiwerenge mayina onse asanu ndi awiri mokweza, pang'onopang'ono. Nditafika pa lachinayi anandigwira dzanja, akuti ameneyonso ankabwera naye, ndiye ankakonda kuimba piyano ya mayi awo.