Tibokosi ta mpira waulere: zimene ndimapeza ndikatitsegula

Ntchito yanga ndi yokonza mawailesi, ma TV ndi mafoni pa Dedza boma. Masiku ano katundu amene akuchuluka pa benchi panga ndi tibokosi takuda tija anthu akungotitcha "ka Android". Kamodzi kamakwana m'dzanja, kamabwera ndi rimoti, chingwe cha HDMI ndi adaputa. Tina timatumizidwa ndi abale a ku Joni, tina anyamata amakapikula ku Lilongwe n'kumadzagulitsa kuno mpaka ku Lizulu ndi ku Tsangano Turn-off. Mawu otsatsira ndi amodzimodzi kulikonse: "Bwana, mukangolumikiza ku intaneti basi. Mpira wonse wa ku England, mafilimu onse, osalipiranso mwezi ndi mwezi."

Amene amagula sindiwanyoza. Tonse tikukumbukira chaka cha 2023. Mu Ogasiti kampani ya MultiChoice inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi chifukwa cha kusamvana ndi MACRA, bungwe loyang'anira za mawailesi ndi mafoni, pa nkhani ya mitengo, ndipo ngakhale inadzabwereranso kumapeto kwa chaka, anthu anali atayamba kale kufunafuna njira zina. Mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Bambo amene akusaka ya feteleza ndi ya fizi ukamuuza kuti pali njira yoonera Arsenal osatulutsa ndalama mwezi uliwonse, amatchera khutu. Koma ine tibokositi ndimationa m'kati, ndipo zimene ndimaonazo wogulitsa sazitchula.

Kabokosika ndi kakompyuta kakang'ono koyendera Android. Tambiri timakhala ndi pulogalamu ya Kodi, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Pulogalamu ya Kodi si yakuba ayi. Inayamba kalekale ndi dzina loti XBMC, yopangidwira makina a masewera a Xbox, ndipo dzina latsopanoli inalitenga mu 2014. Ndi yaulere, amailemba ndi anthu odzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo ntchito yake ndi kusanja ndi kuseweretsa mavidiyo, nyimbo ndi zithunzi zimene uli nazo kale. Ukaika vidiyo ya ukwati wa mlongo wako pa fulashi n'kuionera pa Kodi, palibe lamulo limene waphwanya. Pulogalamuyi yokha ilibe tchanelo ngakhale imodzi m'kati mwake.

Vuto limabwera ndi timapulogalamu towonjezera, ma add-on, timene ogulitsa amaikamo asanakupatse. Timeneti ndi timene timapita kukatapa mpira ndi mafilimu ku makompyuta a anthu amene anaba chithunzicho kwa eni ake. Amene amati "kabokosi kolodedwa kale" akunena zimenezi. Eni pulogalamu ya Kodi akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti ogulitsa oterewa akuwaipitsira dzina. Ngolo payokha si mbala, koma ikanyamula chimanga chokololedwa usiku m'munda mwa eni, woyendetsa ngoloyo ali ndi mlandu woti ayankhe.

Makhoti a kunja anaiweruza kale nkhaniyi. Mu Epulo 2017 khoti lalikulu la European Union, pa mlandu wochokera ku Netherlands wokhudza kabokosi kotchedwa Filmspeler, linagamula kuti kugulitsa kabokosi koikidwiratu njira zokaonera zinthu zakuba ndi kuphwanya lamulo la umwini wa luso, ndipo linanenanso kuti woonera zinthu zimene akudziwa kuti gwero lake ndi losaloledwa sangabisale ponena kuti sanasunge kanthu, amangoonera. Ku England mu 2023 amuna asanu amene ankagulitsa mpira wa Premier League mwakuba anawalamula kukakhala kundende, mtsogoleri wawo zaka 11. Kuno kwathu tili ndi lamulo lathu, Copyright Act ya 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989, ndipo bungwe loyang'anira nkhanizi ndi COSOMA. Lamuloli limateteza nyimbo, mafilimu ndi zoulutsidwa pa wailesi ndi pa kanema. Mpira wa Premier League kuno ufulu woulutsa uli ndi SuperSport, ndipo anaulipira ndalama zankhaninkhani. Kabokosi kamene kakukuonetsa mpirawo kudzera pa tchanelo ya Chiarabu kapena ya Chipwitikizi imene sunalipire, kakukuonetsa katundu wobedwa. Palibe dzina lina loti tizipatse.

Kuona kwanga, amene ali pafupi kwambiri ndi mlandu ndi awiri: wogulitsa amene amaloda tibokosito, ndi mwini vidiyo sho kapena bala amene akulipiritsa anthu pakhomo kuti aonere. Ameneyu sakuonera yekha m'nyumba mwake, akupanga ndalama ndi katundu wa eni pamaso pa gulu. Ndipo tisamaganize kuti olira ndi azungu okha. Njira yomweyi ndi imene nyimbo ndi mafilimu a ana athu a kuno amayendera ulere, woimba atagulitsa mbuzi kuti alipire situdiyo.

Komabe chimene chimandisowetsa mtendere kwenikweni si khoti. Ndi adaputa.

Mayi wina wa ku Bembeke anabwera ndi kabokosi atakakulunga m'chitenje. "Achimwene, kangoti zii dzulo magetsi atabwera. Ana akuti kananunkha." Kabokosiko kanali kabwinobwino, chimene chinafa ndi adaputa. Nditainyamula ndinamva kuti ndi yopepuka moti ungaganize kuti m'kati mulibe kanthu. Ndinaing'amba ndi sikuludiraiva. Pulasitiki ya m'kati inali itasungunuka mbali imodzi n'kusanduka yabulauni, kakapasita katatupa pamwamba n'kutuluka madzi. Pamalo pamene pamayenera kukhala fyuzi panali kawaya kongowotcherera. Chimene ndinawaonetsa mayiwo ndi kampata ka pa bolodi pakati pa mbali yolowa magetsi a ESCOM, a 230 volts, ndi mbali yotuluka 5 volts yopita ku kabokosi. Pa adaputa yabwino mpata umenewu umakhala wotakasuka, mwinanso amaboolapo kamng'alu dala kuti moto usadumphe. Pa iyi njira ziwirizo zinayandikana moti nsonga ya bolopeni sikanakwana pakati. Chinyezi cha kuno ku Dedza chikalowa, kapena kanyerere kakafera pamenepo, magetsi a 230 amawolokera ku chingwe chimene mwana amagwira ndi manja akafuna kusintha fulashi.

"Ndiye mukuti mwana wanga akanatha kugwidwa?" anafunsa mayiwo. Ndinawauza kuti inde, mayi, akanatha.

Zimenezi si za benchi yanga yokha. Mu 2017 bungwe loona za chitetezo cha magetsi ku UK, Electrical Safety First, mogwirizana ndi bungwe lolimbana ndi kuba luso la FACT, linayeza tibokosi 9 totere, ndipo tonse tinalephera kukwaniritsa malamulo a chitetezo cha magetsi. Kumeneko magetsi sathimathima ngati kuno. Ife magetsi akathima n'kubwerera amabwera ndi mphamvu, nyengo ya mvula kuli ziphaliwali, ndipo ambiri akugwiritsa ntchito sola ndi ma inveta otchipa amene magetsi ake sakhala osalala. Pamwamba pa izi, ma adaputa ambiri amabwera ndi mano awiri ozungulira pamene masoketi athu ndi a mano atatu a makona. Mukudziwa zimene timachita: kutenga kamtengo kapena kiyi, kutsegula kabowo ka pamwamba, n'kukankhira mano awiriwo mokakamiza. Amakhala akugwedera m'katimo, kumathetheka, soketi n'kuyamba kuda.

Tsopano ganizirani vidiyo sho ya pa malo ochitira malonda, Loweruka masana. Denga ndi laudzu kapena lamalata okhala ndi mapepala apulasitiki kunsi, mazenera atsekedwa ndi masaka kuti chithunzi chizioneka, khomo ndi limodzi ndipo pakhala wotolera ndalama. M'katimo mwadzaza anyamata ndi ana a sukulu. Kuseri kwa TV kuli ekisitenshoni imodzi yonyamula TV, ampulifaya, kabokosi, MiFi (kachipangizo kopereka intaneti) ndi mafoni a anthu amene akutchajitsa. Adaputa ya kabokosi yayaka kuyambira m'mawa ndipo palibe amene waikhudza kuti amve kutentha kwake. Ndikalowa malo otere maso anga sapita pa mpira, amapita kuseri kwa TV.

Choopsa chachiwiri sichinunkha ndipo sichioneka. Mu Januwale 2023 katswiri wina wa makompyuta ku Canada anapeza kuti kabokosi kotchedwa T95 kamene anagula pa Amazon kanabwera ndi pulogalamu yoipa yoikidwiratu, asanakagwiritse ntchito n'komwe. Ofufuza atalondola anapeza kuti ndi ntchito yaikulu imene anaitcha BADBOX. Mu Disembala 2024 boma la Germany linadula kulumikizana kwa zipangizo pafupifupi 30,000 zogwidwa ndi vutoli m'dziko lawo. Mu Juni 2025 FBI ya ku America inachenjeza anthu za BADBOX 2.0, ndipo mwezi wotsatira Google inakasuma kukhoti, kunena kuti zipangizo zoposa 10 miliyoni zinali zitagwidwa. Zambiri mwa izo ndi tibokosi totchipa topanda dzina lodziwika, ngati tomwe tikugula kunoti.

Kabokosi kotere kakalumikizidwa ku intaneti kamayamba kulandira malamulo kuchokera kwa anthu akutali. Kamatsegula masamba mobisa n'kumadina zotsatsa malonda kuti eni ake azilandira ndalama. Kamathanso kubwereketsa intaneti yako kwa anthu osawadziwa, kuti zachinyengo zimene akuchita zizioneka ngati zikuchokera m'nyumba mwako. Popeza pulogalamuyo ili m'mizu ya kabokosi, kukafufuta n'kukabwezera mmene kanachokera kufakitale sikuthandiza, imabwereranso.

Kwa ife amene intaneti timagula ya bandulo, izi zimaluma pathumba pomwepo. Mphunzitsi wina wa ku Linthipe ankadandaula kuti bandulo ya pa MiFi ikutha usiku onse ali mtulo, mpaka anayamba kukayikira ana ake kuti akumadzuka kukaonera zinthu. Ndinamuuza kuti, "Aphunzitsi, musawakalipire kaye anawo. Muzikazula kabokosiko kumagetsi mukamagona, muone." TV ankaithimitsa ndithu, koma kabokosi kankakhala koyaka usiku wonse. Atayamba kukazula, bandulo inayamba kukhalitsa.

Ngakhale kabokosi katakhala koyera, mawu oti "ulere" ndi onama. Kuonera chithunzi chooneka bwino kumadya pakati pa 1GB ndi 3GB pa ola limodzi, ndipo mpira umodzi pamodzi ndi nthawi yopumulira umatenga pafupifupi maola awiri. Werengerani nokha mipira ya mwezi wonse pa mtengo wa bandulo. Ndiye pali ma app ena amene amagwira miyezi ingapo kenako n'kufuna khodi, wogulitsa n'kunena kuti mutumize ndalama pa foni kuti akutsegulireni chaka china. Tsiku limene gwero lakubalo latsekedwa, ndalama yapita, ndipo palibe ofesi imene mungakadandaule chifukwa chinthucho n'chosaloledwa kuyambira pachiyambi. Zolembedwa pa katoni nazonso musazikhulupirire msanga. Ndatsegulapo tibokosi tolembedwa kuti memori ndi 4GB ndipo malo osungira zinthu ndi 64GB, tchipi cha m'kati chili cha 1GB ndi 8GB, pulogalamu itakonzedwa dala kuti izinama ukafunsa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuona munthu akulowetsa Gmail yake m'kabokosi kotere, imelo yomweyo imene ili pa foni yake, yosunga manambala a abale, zithunzi za ana ndi makalata a kuntchito. Ena amapatsa wogulitsa pasiwedi kuti awalowetsere. Musatero. Ngati kabokosi mwagula kale ndipo simungakataye, katsegulireni imelo yakeyake yopanda kanthu, ndipo musalembemo nambala ya khadi ya kubanki. Tsegulani Play Store, mupite pa Settings, kenako About, muone pamene palembedwa za Play Protect certification. Pakalembedwa kuti chipangizocho si chovomerezeka, dziwani kuti Google sinakayeze kabokosiko. Wogulitsa akakuuzani kuti muthimitse Play Protect, mlonda wa Google wosaka mapulogalamu oipa, kuti app yake igwire, chimenecho ndi chizindikiro chokwanira. Adaputa yopepuka ija isintheni ndi ya 5 volts yolemera bwino, ya mano atatu, ndipo muziikhudza mukaonera kwa kanthawi. Ikamatentha moti simungaigwire, izuleni.

Pa benchi panga ndimakonza tibokositi, ndimasintha ma adaputa, ndimaikamo Kodi yoyera yochokera kwa eni ake kuti munthu aziseweretsa za pa fulashi ndi kuonera YouTube. Mawailesi a kanema a kuno ambiri amaulutsanso pa Facebook ndi pa YouTube, ndipo dikoda ya Kiliye Kiliye imagwira matchanelo a m'dziko muno popanda intaneti. Koma kuloda ma add-on a mpira wakuba ndimakana, ngakhale ndikudziwa kuti kasitomalayo akangotuluka apeza wina womuchitira.

Mnyamata wina wa ku Mayani amene akufuna kutsegula vidiyo sho anandifunsa kuti, "Ankolo, ndiye ndipange bwanji, poti ndalama yanga ndi yochepa?" Tinakhala pansi n'kuwerengera limodzi. Tinayamba ndi dikoda yovomerezeka, ndipo ndinamuuza kuti akafunse za malipiro a malo a bizinesi chifukwa amasiyana ndi a m'nyumba. Kenako laisensi ya COSOMA, masoketi awiri oikidwa ndi wa magetsi wodziwa ntchito m'malo mwa ekisitenshoni imodzi, ndi khomo lachiwiri kumbuyo lotsegukira kunja. Ndalama inakwera kuposa mmene ankaganizira, ndipo anati ayamba wagulitsa kaye mbatata ya kachewere ya chaka chino, kenako adzabwera kuti tikaone malowo limodzi asanafolere denga.