Ulendo wokagula ng'oma ku Salima

Amayi a ku Malawi amene tili ku Joni timakumana pa 9 August chaka chilichonse. Ndi tsiku limene South Africa imakumbukira amayi pafupifupi 20,000 omwe mu 1956 anakhamukira ku Union Buildings, maofesi aakulu a boma ku Pretoria, kukana lamulo la mapasi. Ambirife timagwira ntchito za m'nyumba, ena amaluka tsitsi, ndipo tsikuli ndi limene timapuma tonse pamodzi. Timachita lendi holo ya tchalitchi, timamanga zitenje, n'kuvina chimtali. Koma nyimbo zake zimachokera pafoni. Sipika siona kuti mayi walowa pakati ndipo akufuna kuti ng'oma imutsatire. N'chifukwa chake anzanga anasonkha ndalama n'kundituma kuti popita kumudzi ndikabwere ndi ng'oma yeniyeni.

Za njira sindichulutsa: Park Station, mzere wa ku Beitbridge, mlatho wa Zambezi ku Tete, Dedza, Lilongwe. Minibasi itayamba kutsetsereka kulowera kunyanja, thukuta linandiuza kuti Salima wayandikira. Pa Kamuzu Road ndinakwera kabaza, chimanga chili bii mbali zonse, poti unali mwezi wa March.

Azakhali anga ndi namkungwi. Anandiperekeza kwa bambo wina wosema ng'oma, ndipo sanalole kuti ndisankhe ndekha. Ankagogoda iliyonse ndi chala, khutu atatchera. Yomwe anaikonda anaiwamba pamoto wa udzu, akuitembenuza pang'onopang'ono mpaka chikumba chinakungika, kenako anamata phula pakati. Ataimenya, ana anatulukira kuseri kwa nkhokwe akuthamanga.

Pa 8 March, tsiku la amayi padziko lonse, amayi a m'mudzi anadzaza bwalo. Mavinidwe ndi omwe aja ndinawasiya, koma mawu a nyimbo zina ndi atsopano. Ina inali yodzudzula kholo lolandira mbuzi mwana wake ali sitandade 7. Mtsikana wina amene anabwerera kusukulu atabereka anamulowetsa pakati, khanda lake ataberekera agogo ake, ndipo nthungululu zinamveka mpaka kudambo. Lamulo loletsa ukwati wa mwana wosafika zaka 18 linakhazikitsidwa mu 2015, malamulo aakulu a dziko n'kusinthidwa mu 2017, ndipo ntchito ya Inkosi Theresa Kachindamoto yothetsa maukwati a ana ku Dedza imadziwika ku Salima. Koma amayi ambiri pabwalo paja sanawerengepo lamulolo. Analimvera m'nyimbo.

Madzulo azakhali anandikumbutsa za nthawi ya a Kamuzu. "Mwana wa achimwene, ife tinkakwezedwa malole kukavinira munthu, nkhope yake ili pachitenje. Thalauzi lomwe wavalalo likanakugoneka kupolisi." Ankanena zoona: lamulo la kavalidwe la 1973 linachoka mu 1993. "Lero tavinira mwana wathu," anatero.

Komabe china chinandiwawa. Pakati pa nyimbo zabwinozo panadutsa ina yolangiza kuti banja n'kupirira, olo mwamuna akweze dzanja. Ndinawauza azakhali mosabisa kuti imeneyo sindikaiphunzitsa ku Joni, kumene ndaonapo anzanga akubisa zipsera chifukwa alibe mapepala ndipo akuopa kupita kupolisi. Ku Malawinso lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006.

Anakhala chete akusenda mtedza, kenako anati nyimboyo anailandira kwa amayi awo, ndipo kuichotsa si nkhani ya munthu mmodzi. Anandiuza kuti ndikayankhule ndekha pamaso pa anamkungwi anzawo ndisananyamuke. Anawaitanitsa Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango wa kwa amfumu, ndipo tinakambirana mpaka dzuwa kulowa. Awiri anagwirizana nane, ena anakana, azakhali anati nkhaniyi aibweretsanso pa chinamwali cha pambuyo pokolola.